Kakonzedwe ka Podi, Ufa Wokometsera Chakudya wa Kum'mwera kwa India

Podi ndi ufa wouma wa nyemba zokazinga, tsabola, mchere ndi zonunkhiritsa, umene mabanja a ku Tamil Nadu, Andhra Pradesh, Telangana, Karnataka ndi Kerala amasunga m'mabotolo kuti azidyera mpunga, idli (timikate tofewa tophikidwa ndi nthunzi) ndi dosa (chikondamoyo chopyapyala chonga chapati). Poyang'ana, ntchito yokonza ufawu imaoneka yosavuta, ndipo n'chifukwa chake ambiri amene amaiyesa koyamba amakhumudwa. Ufa umatuluka wowawa ndi wonunkha kupserera, kapena umagwirana n'kukhala phala lamafuta, kapena umatsala ndi tinjere tolimba totha kupweteka dzino, kapenanso umachita chuku mwezi usanathe. Pafupifupi nthawi zonse gwero la mavutowa ndi liwiro: munthu amathira zonse m'chiwaya chimodzi pa moto waukulu, kenako n'kupera zinthuzo zikadali zotentha. Malangizowa afotokoza mwatsatanetsatane kakonzedwe ka idli podi, amene Atamil amamutcha milagai podi, chifukwa wodziwa bwino mtundu umenewu savutika ndi mitundu inayo.

Zipangizo zofunika

- Chiwaya kapena poto wokhuthala pansi, makamaka wachitsulo cholemera. Chiwaya chopyapyala chimatentha malo amodzi kuposa ena ndipo chimapsereza nyemba mkati mwake musanapse.
- Mthiko wouma wotakasira.
- Mbale zitatu zotambalala, kapena thireyi yaikulu, zoziziritsira zokazingazo mosazisakaniza.
- Makina operera a magetsi okhala ndi kachikho kakang'ono kopera zouma, kapena mtondo waung'ono ndi munsi wake.
- Sefa wa mabowo okulirapo, wofunika makamaka kwa amene akusinja pamanja.
- Botolo lagalasi lotsekeka bwino, lotsukidwa ndi kuumitsidwa padzuwa.
- Kapu yoyezera ya 250 ml, supuni yaikulu ndi supuni ya tiyi.

Zosakaniza za idli podi

- Theka la kapu ya urad dal. Izi ndi nyemba zazing'ono zapachibale ndi mphodza, zakuda kunja koma zoyera zikachotsedwa khungu. Gulani zoyera zogawidwa pakati.
- Theka la kapu ya chana dal, amene ndi tchana wochotsedwa khungu ndi kugawidwa pakati.
- Tsabola wofiira wouma wokwana 15 mpaka 20.
- Gawo limodzi mwa magawo anayi a kapu ya chitowe.
- Masamba a curry odzaza dzanja limodzi. Awa ndi masamba onunkhira a kamtengo, osati ufa wa curry wa m'mapaketi.
- Theka la supuni ya tiyi ya hing, utomoni wouma wa fungo lamphamvu umene umagulitsidwa uli ufa m'timabotolo.
- Supuni ya tiyi imodzi ndi theka ya mchere.
- Supuni ya tiyi imodzi ya mafuta ophikira, makamaka a chitowe.

Pa zonsezi, chimene chimafuna kulingalira kwambiri ndi tsabola. Ku India ophika ambiri amasakaniza mitundu iwiri. Tsabola wa Byadagi, wolimidwa ku Karnataka cha ku boma la Haveri, ndi wamakwinya, wofiira kwambiri ndiponso wosalusa, choncho ntchito yake ndi kupatsa ufawo mtundu wokongola. Tsabola wa ku Guntur, ku Andhra Pradesh, ndiye wobweretsa ukali. Kutenga 10 wa Byadagi ndi 6 wa Guntur kumapereka ufa wofiira bwino umene anthu ambiri angaupirire. Amene alibe mitundu imeneyi atenge tsabola wouma wamtali wosalusa kwambiri, ndipo ngati akufuna kuthirako tsabola waung'ono waukali wa kwathu kuno, achepetse chiwerengero kwambiri, chifukwa 15 wa mtundu umenewo angaphe kukoma konse kwa nyemba ndi chitowe.

Urad dal, chana dal ndi hing zimapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za anthu a ku India. Urad dal akasowa, mphodza yochotsedwa khungu ingalowe m'malo mwake, ngakhale kuti kafungo kake sikafanana ndendende. Dziwaninso kuti hing wambiri wogulitsidwa amasakanizidwa ndi ufa wa tirigu, motero amene thupi lawo limadana ndi tirigu awerenge zolembedwa pa botolo kapena angomusiya.

Ndondomeko ya kakonzedwe

1. Sankhani nyemba ndi chitowe. Thirani chilichonse pachokha m'lichero kapena m'mbale yotambalala, mutole timiyala, zinyalala ndi njere zofumbwa. Chitowe nthawi zambiri chimabisa mchenga, choncho chipeteni mosamala. Chenjezo: musatsuke nyemba ndi madzi pa tsiku lokazinga. Ngati zili ndi fumbi, zipukuteni ndi nsalu youma, ndipo ngati n'zofunikadi kutsuka, zitsukeni dzulo lake n'kuziyanika padzuwa mpaka ziumiretu.

2. Konzani tsabola ndi masamba. Thyolani timapesi ta tsabola, ndipo ngati mukufuna ufa wosalusa kwambiri, muthyoleni pakati n'kukutumula njere zina. Tsabola amene mkati mwake muli mawanga akuda kapena zoyera zonga thonje ali ndi chuku ndipo atayidwe. Masamba a curry atsukeni, apukuteni, kenako ayanikeni pamthunzi kwa maola angapo kuti pasatsale dontho lamadzi. Mukagwira tsabola musakhudze maso mpaka mutasamba m'manja ndi sopo.

3. Kazingani chana dal payekha. Tenthetsani chiwaya pa moto wochepa, muthire chana dal wopanda mafuta, ndipo muzitakasa osalekeza kwa mphindi 8 mpaka 10. Apa ndi pamene ntchito yonse imakomera kapena kuonongekera, motero pafunika kudekha. Njere za tchana ndi zokhuthala, ndipo moto waukulu umafiiritsa kunja kokha mkati muli mwaiwisi. Zikapsa bwino zimasintha kuchoka pa chikasu chowala n'kukhala zofiirira pang'ono mofanana ponseponse, ndipo zimatulutsa fungo lokoma la mtedza wokazinga. Njira yodalirika yodziwira ndi kutenga njere ziwiri, kuzisiya zizizire, n'kuzitafuna. Ikaphwanyika mosavuta ndi kulira kukhutu, yapsa. Ikakana dzino kapena kumveka ufa waiwisi pa lilime, pitirizani kukazinga. Ophika pa mbaula achepetse makala kapena adikire kuti moto ugwe kaye, chifukwa makala oyaka kumene ndi otentha kuposa mmene nyembazi zingapirire. Zikapsa, zithireni m'mbale nthawi yomweyo.

4. Kazingani urad dal payekha m'chiwaya chomwecho. Njere zake ndi zazing'ono, choncho zimapsa msanga, pa mphindi 5 mpaka 7. Zimayamba zoyera, kenako zimatuwa, kenako zimafiirira mopepuka, ndipo mphindi imodzi yokha yosatakasa ndi yokwanira kuzidetsa. Chenjezo: musazisiye m'chiwaya mutaphula, chifukwa chitsulo chotentha chimapitiriza kuzipsereza ngakhale moto palibe. Zithireni m'mbale imodzi ndi chana dal n'kuzimwaza kuti nthunzi ituluke. Njere zakuda zimene mungazione muzitole n'kutaya, popeza zochepa chabe zimawawitsa botolo lonse.

5. Kazingani chitowe. Chimafuna mphindi imodzi kapena ziwiri zokha pa moto wochepa. Chikayamba kuthetheka ndi kudumpha m'chiwaya, ndipo njere zake zayamba kunyezimira, chiphuleni. Chiikeni m'mbale yakeyake, musachiphatikize ndi nyemba, chifukwa chidzalowa m'makina pomalizira penipeni.

6. Kazingani tsabola ndi mafuta pang'ono. Thirani supuni ya tiyi ya mafuta ija m'chiwaya, muikemo tsabola, ndipo mutembenuze kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka atatupa pang'ono, kunyezimira ndi kuuma moti angathyoke pomupinda. Mafutawo amathandiza kuti tsabola atenthe mofanana ndipo amachepetsa utsi wotsamwitsa. Tsegulani mazenera musanayambe, ndipo ana ndi anthu odwala mphumu akhale kutali. Chenjezo: tsabola sayenera kuda. Akangoda, ufiira wake wapita ndipo kuwawa kwake sikungachotsedwe ndi china chilichonse, motero n'kwanzeru kumutaya n'kuyambanso ndi wina kusiyana ndi kuononga nyemba zimene mwazikazinga bwino.

7. Kazingani masamba a curry m'timafuta totsala mpaka atauma moti akufumbutuka mukawafikisa pakati pa zala, koma akadali obiriwira. Phulani chiwaya, muthiremo hing ndi mchere, n'kutakasa kwa masekondi ochepa pa kutentha kotsalako. Kufunditsa mchere motere kumachotsa chinyezi chimene umakhala utakoka, ndipo kumathandiza kuti ufa usagwirane m'botolo.

8. Dikirani kuti zonse zizizire kotheratu, kwa mphindi zosachepera 30. Musavundikire mbale. Ikani dzanja pakati pa nyembazo, ndipo ngati mukumva kufunda ngakhale pang'ono, nthawi yopera sinakwane. Zinthu zotentha zikatsekeredwa m'makina zimatulutsa nthunzi imene imasanduka madzi pa chivundikiro n'kugwera mu ufa, komanso kutenthako kumatulutsa mafuta a chitowe mofulumira.

9. Perani motsata dongosolo. Yambani ndi tsabola, masamba a curry, hing ndi mchere, ndipo muzipere mpaka zisalale, popeza mchere umathandiza mipeni kugwira makungu a tsabola. Kenako thirani nyemba n'kuyatsa makina kwa masekondi atatu kapena asanu, kuzimitsa, kugwedeza kachikho, n'kuyatsanso, mpaka ufa utakhala wokhakhala ngati mgaiwa. Idli podi sayenera kusalala kotheratu, chifukwa tinjere tating'ono timene timamveka potafuna ndi mbali ya kukoma kwake. Pomaliza thirani chitowe n'kuyatsa kawiri kapena katatu kokha. Mukamaliza, dikirani mphindi imodzi musanatsegule, kuti fumbi la tsabola likhazikike pansi m'malo mokulowani m'mphuno ndi m'maso.

Amene akusinja mu mtondo atsate dongosolo lomwelo. Asinje tsabola ndi mchere poyamba, kenako nyemba pang'onopang'ono, asefe, ndipo misere yotsala pa sefa aibwezere mu mtondo mpaka ithe. Ufa wosinja pamanja suchita kutentha, ndipo kwa ine ndiwo umasunga fungo bwino kuposa wa makina, ngakhale kuti umadya nthawi ndi mphamvu.

10. Lawani ndi kukonza mchere. Musalawe ufa wouma wokhawokha, chifukwa umaoneka waukali ndi wamchere kuposa mmene ulili. Tengani pang'ono, musakanize ndi madontho a mafuta ndi kampunga kophika, ndipo mulawe momwemo. Ukachepa mchere, onjezerani n'kuyatsa makina kamodzi. Ukachuluka ukali, kazingani nyemba zina, muziziziritse, muzipere n'kusakaniza.

11. Mwazani ufa m'mbale youma kwa mphindi 15 kuti kutentha kwa makina kuchoke, kenako muuthire m'botolo n'kutseka mwamphamvu.

Mitundu ina yotsata njira yomweyi

Kandi podi wa ku Andhra Pradesh ndi Telangana amakonzedwa ndi toor dal, amene sali china koma nandolo wouma wochotsedwa khungu ndi kugawidwa pakati. Nandolo wambiri wolimidwa m'maboma a kum'mwera kwa Malawi amagulitsidwa ku India komweko, kotero chofunika chachikulu cha ufawu chili pafupi ndi ambiri a ife. Tengani kapu imodzi ya toor dal, theka la kapu ya chana dal, tsabola 10 mpaka 12, masupuni a tiyi awiri a jeera (tinjere tonunkhira totchedwa cumin pa Chingerezi), hing pang'ono ndi mchere. Kazingani chilichonse pachokha popanda mafuta, ndipo jeera mumuike pomaliza kwa masekondi 30 okha chifukwa sachedwa kupserera. Kusiyana kwake ndi idli podi n'koti kandi podi amaperedwa mosalala, popeza amasakanizidwa ndi mpunga ndipo tinjere ta nandolo ndi tolimba. Amene ali ndi nandolo wathunthu amukazinge pang'ono, amukonole mu mtondo kapena pa mphero kuti agawike, apete makoko, kenako akazingenso mpaka afiirire. Makoko akatsala ambiri, ufa umakhala wowawira ndi wotuwa. Ku Tamil Nadu ufa wofanana ndi umenewu umatchedwa paruppu podi, ndipo kumeneko amakonda kuthiramo tsabola wakuda wa njere.

Shenga chutney pudi ndi wa mtedza, ndipo kwawo ndi kumpoto kwa Karnataka, cha ku Hubballi, Dharwad ndi Kalaburagi, kumene amamudyera jolada rotti, chapati yopangidwa ndi ufa wa mapira, pamodzi ndi yogati. Pamafunika makapu awiri a mtedza, timagawo 8 ta adyo, masupuni aakulu awiri a tsabola wopera, supuni ya tiyi ya jeera ndi mchere. Sankhani mtedza mosamala kwambiri, mutaye wonse wofota, wosweka kale, wakuda kapena wachuku, chifukwa poizoni wa aflatoxin amene chuku chimasiya mu mtedza satha ndi kukazinga. Kazingani mtedza pa moto wochepa mpaka khungu litayamba kusenda, muuziziritse, muufikise ndi kupeta. Sinjani adyo, jeera, tsabola ndi mchere poyamba, kenako mtedza. Ufawu umakoma ukatulutsa timafuta pang'ono moti ukugwirana mopepuka, koma munthu akapitirira malire amapeza chiponde cha tsabola. Pa chifukwa chimenechi mtondo ndi wabwino kuposa makina.

Chutney pudi wa kum'mwera kwa Karnataka amawonjezera zinthu zitatu pa maziko a idli podi, zomwe ndi kokonati wouma wopala, bwemba ndi jaggery, shuga wa nzimbe wosayeretsedwa. Pa theka la kapu ya chana dal ndi theka la urad dal, ikani theka la kapu ya kokonati, bwemba wa kukula kwa ndimu yaing'ono, ndi supuni yaikulu imodzi ya jaggery. Bwemba muchotse njere ndi ulusi, mumung'ambe tizidutswa, n'kumukazinga pang'ono mpaka atauma, apo ayi adzamata mipeni ya makina ndi kusiya mibulu yowawasa mu ufa. Kokonati amangofunika kufunditsidwa mpaka fungo limveke, ndipo iye ndi jaggery amalowa m'makina pomaliza. Ku Kerala kuli chammanthi podi, amene kokonati wake ndi wochuluka ndipo amakazingidwa mpaka afiirire kwambiri.

Karivepaku podi ndi wa masamba a curry ochuluka, pafupifupi makapu awiri pa theka la kapu ya nyemba zosakaniza. Chinsinsi chake ndi kuumitsa masambawo kotheratu musanawapere.

Kadyedwe kake

Podi kawirikawiri samadyedwa wouma. Pa idli kapena dosa, munthu amaika masupuni awiri a ufa pambali pa mbale, kuboola pakati ndi chala, kuthiramo mafuta a chitowe kapena ghee (mafuta oyengedwa kuchokera ku batala), n'kusakaniza mpaka ukhale phala lolimba loti n'kusunsiramo. Kandi podi amawazidwa pa mpunga wotentha, kuthira ghee pamwamba, n'kukanya ndi dzanja, ndipo ku Andhra imeneyi kawirikawiri imakhala mbamu zoyambirira za chakudya ndiwo zina zisanafike. Ufa wa mtundu uliwonse ungawazidwenso pa mbatata, mabiringanya kapena therere lokazinga, koma uthiridwe chakudya chitatsala pang'ono kuphulidwa kuti usapserere. Musanapatse alendo, auzeni ngati muli mtedza kapena chitowe, chifukwa pali anthu amene matupi awo amadana nazo koopsa.

Kasungidwe

Ufa wa nyemba ndi tsabola, monga idli podi ndi kandi podi, umakhala bwino kwa miyezi iwiri kapena itatu m'botolo lotseka, pamalo ouma ndi opanda dzuwa. Wokhala ndi mtedza, kokonati kapena adyo waiwisi usapitirire masabata awiri kapena atatu pokhapokha utasungidwa mufiriji. Tapani ndi supuni youma nthawi zonse, ndipo botolo lisakhale pafupi ndi moto pamene nthunzi ya miphika ingalowemo. M'nyengo ya dzinja, pamene mpweya uli ndi chinyezi chochuluka, konzani theka la muyezo ndipo muthire ufa wa masiku ochepa m'kabotolo kena, kuti botolo lalikulu lisamatsegulidwe pafupipafupi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukazinga zonse pamodzi ndiko kulakwa kofala kuposa kwina kulikonse. Chana dal amafuna mphindi 10 pamene chitowe chimafuna ziwiri, motero zikalowa limodzi, china chimapserera china chikadali chachiwisi. Palibe njira yachidule yozembera zimenezi.

Ufa ukamveka nyemba yaiwisi ndi kumata kukamwa, ndiye kuti nyemba sizinapse mkati chifukwa moto unali waukulu. Mungaupulumutse pang'ono poubwezera m'chiwaya chouma pa moto wochepetsetsa kwa mphindi zitatu kapena zinayi, mukutakasa osalekeza, koma samalani chifukwa tsabola wopera amapserera msanga kuposa wathunthu.

Ufa ukakhala wamafuta ndi wamibulu, chitowe, mtedza kapena kokonati zinaperedwa nthawi yaitali kapena zikadali zotentha. Kazingani chana dal wina, mumupere payekha, n'kusakaniza kuti amwe mafutawo, ndipo ufa wotero uyambe kudyedwa msanga chifukwa suchedwa kusasa.

Hing akachuluka amaphimba fungo la zina zonse ndipo amasiya kuwawa kumapeto kwa lilime. Theka la supuni ya tiyi ndi lokwanira pa kapu imodzi ya nyemba, ndipo hing wosasakaniza ndi ufa amafunika wochepa kuposa pamenepo.

Ena amagwiritsa ntchito chitowe kapena kokonati wokhalitsa poganiza kuti moto uchotsa fungo loipa. Sizitero. Nunkhizani ndi kulawa chilichonse chamafuta musanachikazinge, ndipo chimene chikumveka kuvunda chisalowe m'chiwaya.

Ufa ukaoneka ndi ulusi woyera, mawanga obiriwira kapena fungo la chinyontho, wachita chuku, ndipo kuchotsa pamwamba pokha sikuthandiza. Tayani wonse, mutsuke botolo ndi madzi otentha ndi sopo, ndipo muliyanike padzuwa litatsegulidwa mpaka liumiretu musanathiremo ufa wina.